Tayala Lodyeka Mkati

Anzanga, ndakupatsani moni nonse. Dzina langa ndine Nelia. Mundikhululukire kuti maso anga akhala papepala. Ine pakamwa pamandilemera; mawu amandibwerera bwino ndikagwira bolopeni, chifukwa kuyambira ndili wamng'ono ndimalemba m'kabuku zimene ndaona tsikulo. Amayi amene amatisonkhanitsa muno atandipempha kuti ndilankhule, ndinayamba ndakana. Ndavomera chifukwa ndikudziwa kuti pakati pathu alipo amene amavala yunifomu m'mawa, n'kutsanzika kunyumba, koma kusukulu osafika. Inenso ndinachita zimenezo. Ndinalephera mayeso a Giredi 9, ndipo panangotsala pang'ono kuti ine ndi sukulu tisiyane mpaka kalekale. Koma sindingafotokoze za ine osafotokoza za atate anga ndi ntchito yawo, pakuti tinagwa limodzi.

Atate anga anthu amawatchula kuti Ba Sakala. Agogo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo atate anabadwira konkuno ku Kafue. Anaphunzira zokonza magalimoto m'galaja ya fakitale. Ntchito itatha kumeneko, ananyamula bokosi la masipanala n'kukakhazikika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Pansi pa mtengowo anathirapo simenti ndi manja awo, kuti galimoto ikaima isapendekeke.

Ntchito yawo ndi alainimenti, ndiko kuti kuwongola matayala akutsogolo kuti aziyang'ana kumene galimoto ikupita. Galimoto ikamenya maenje ngati a msewu wa ku Chanyanya, tayala limodzi limayamba kuyang'ana kumbali pang'ono. Ndi maso simungaone. Koma galimoto imakokera mbali imodzi, sitelingi imakhala yopendekeka, ndipo tayala limatha msanga. Atate analibe makina. Anali ndi chingwe cha asodzi, ndodo zachitsulo zozika m'zitini za simenti, rula yachitsulo, ndi chikhatho chawo. Ankasisita tayala ndi chikhatho, kupita uku n'kubwerera. Likakhala losalala popita koma lokanda pobwerera, ngati mamba a nsomba, ankadziwa kale vuto galimoto isanakwere n'komwe pajeke.

Ine ntchito yanga inali yokhala pampando wa dalaivala n'kugwira sitelingi kuti isagwedezeke, iwo ali pansi kupotoza zitsulo. Ndinayamba miyendo yanga isanafike pamapedulo. Amanditchula kuti mama, chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo.

"Gwira, mama," ankatero ali pansi pa galimoto. "Ukagwedeza, ntchito yonse ni bodza."

Ndinkagwira mpaka manja kuchita dzanzi, ndipo ndinkanyada.

Kugwa kunabwera mofulumira. M'mbali mwa msewu wa ku Lusaka munatsegulidwa galaja ya makina a kompyuta, ndipo madalaivala a minibasi anayamba kupita kumeneko. Atate ankakhala tsiku lonse pansi pa mtengo, chingwe chili chokulunga. Anayamba ndi kabotolo kamodzi madzulo. Kenako masana. Kenako m'mawa asanasambe. Manja anayamba kunjenjemera, rula sinkakhazikika. Kugona pansi pa galimoto kunayamba kuwachititsa chizungulire.

Ndiye anapeza njira yachidule. Munthu akabwera kudandaula kuti sitelingi yapendekeka, ankamuuza kuti akayambe wazungulira mumsika. Iye akachoka, ankamasula nati yapakati pa sitelingi, kuizula, n'kuibwezera itawongoka. Pansi osagwirako chilichonse. Mwini galimoto akabwera ankaona sitelingi ili bwinobwino, n'kuthokoza. Koma matayala anali akuyang'anabe kumene ankayang'ana. Ine ndinkaona zonsezi. Nthawi zina ndine amene ndinkawapatsira sipanala. Ndinenso amene ndinkatumidwa kukagula timabotolo.

Tsiku lina tikuweruka kusukulu tinapeza anthu ataunjikana pangalande ya pafupi ndi geti. Munthu anali atagona mmenemo, nsapato imodzi palibe. Ndinazindikira malaya ndisanaone nkhope. Bupe, mtsikana wa m'kalasi mwathu amene sasunga mawu m'kamwa, anandikoka dzanja.

"Iwe Nelia, si batate bako aba?"

Onse anatembenukira kwa ine.

"Sinibaziba," ndinatero, ndipo ndinadutsa.

Mawa lake ndinavala yunifomu, ndinafika pokhotera kusukulu, miyendo inakana. Ndinapitirira mpaka kusiteshoni ya sitima. Kuseri kuli mabogi akale amene anasiyidwa, udzu unamera m'mawilo. Ndinakhala pamthunzi wa bogi imodzi mpaka nditaona ana akuweruka, n'kubwerera kunyumba pamodzi nawo. Ndinati ndi tsiku limodzi lokha. Linakhala sabata, kenako pafupifupi temu yonse. Amayi amadzuka kusanache kukapikula tomato ndi repu ku Shimabala, ndipo amabwera dzuwa litalowa. Ankaona yunifomu yochapa, nsapato zopolisha, mabuku m'chikwama. Ankati mwana ali bwino. Mayeso ndinakalemba, inde, koma ndinkayang'ana mafunso ngati alembedwa m'chilankhulo cha dziko lina.

Zotsatira zitatuluka, amayi anapita kusukulu kukafunsa kuti zatheka bwanji, poti ine ndinali wa m'gulu la okhoza. Aphunzitsi anawauza zonse. Atabwera sanandimenye. Bola akanandimenya. Anakhala pakhonde, kuvula nsapato, n'kumasisita mapazi.

"Mwanichititsa manyazi babili," anatero. "Wina mu ngalande, wina kaya kuti."

Aphunzitsi anali atanena kuti ndingathe kubwereza Giredi 9, koma pokhapokha kholo litabwera nane n'kulonjeza pamaso pawo kuti lizindiyang'anira. Amayi anakana kubwererako.

"Ine napitako kale, manyazi yanga nayadya. Ngati uyu mwana ali na tate, bamupeleke beve, osanunkha mowa. Ngati alibe, kumapeto kwa mwezi ayenda ku Lusaka. Ba anti bake bamupezela nyumba yosebenzamo."

Atate anali m'nyumba, anamva. Anatuluka n'kunena kuti, "Nizamupeleka pa Mande." Lolemba litafika ndinavala yunifomu n'kudikira pakhonde. Atate anali atatuluka kale, ndipo anabwera masana akuyenda ngati msewu ukuwathawa. Lolemba lotsatira, chimodzimodzi. Amayi anatulutsa chikwama cha ulendo pansi pa bedi, kuchikuntha fumbi, n'kuyamba kuikamo zovala zanga. Yunifomu sanaikemo. Linatsala Lolemba limodzi.

Pano ndiyenda pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene zinatembenukira.

Linali Loweruka m'mawa. Ndinali kusesa pabwalo pamene ndinamva ana akukuwa mumsewu. Nditayang'ana ndinaona mayi wina wamkulu thupi, atavala jombo ndi chitenje, akugubuduza tayala ngati mnyamata wosewera, ana akumutsatira pambuyo. Anali Ba Mutinta, amene amagula nsomba ku Chanyanya n'kudzagulitsa kuno ndi pikapu yawo yakale. Anali mmodzi wa anthu ochepa amene sanasiye kubwera pansi pa mtengo wa mango. Analowetsa tayalalo pabwalo n'kuligwetsa pakhomo penipeni.

"Odi kuno! Ba Sakala balipo, olo bakali kumwamba na ndeke?"

Atate anatuluka maso ali ofiira. Tsikulo anali asanamwe, chifukwa m'thumba munalibe kanthu.

"Ah, Ba Mutinta, mwauka shani? Nkhalani tikambe bwino."

"Sinabwele kukamba. Ni imwe munaniuza kuti tayala ikamba yeka. Gwilani."

"Ba Mutinta..."

"Gwilani, nakamba!"

Atate anagwada. Kunja tayalalo linali ngati latsopano, mizere yake yonse ilipo. Anaika chikhatho n'kuchiyendetsa kulowera mkati, mbali imene imayang'ana pansi pa galimoto, kumene maso safika. Kumeneko mphira unali utatha, mawaya ali pamtunda, ndipo panali chibowo chachikulu. Anachotsa dzanja msanga. Magazi anali akutuluka m'chikhatho.

"Inaphulika dzulo," anatero Ba Mutinta, mawu atatsika. "Motoka inaloba mu thengo. Nsomba zonse pansi. Nsomba sinilila, ni nsomba chabe. Koma mwana wanga anali pa mpando, Ba Sakala. Ali na chilonda pa chipumi. Sitelingi yeve inali yowongoka bwino, monga mwamene munaisiyila."

Atate ankangoyang'ana chikhatho chawo.

"Ndalama sinifuna, niziba mulibe. Ku makina ningayende, koma ndiye kuti imwe mwapulumuka. Mwaiwononga imwe, muzaikonza imwe, lelo, na chingwe chija, ine nili pamenepo. Motoka taikoka kale, ili pa mtengo wanu. Tayala ina naikako."

Ba Mutinta ananyamuka. Atate anamanga kansalu padzanja, ine ndinanyamula chingwe ndi rula, tinauyamba wa kumsika. Tili panjira ndinaona kuti bokosi la masipanala likulira m'manja mwawo, zitsulo zikugundana chifukwa cha kunjenjemera. Titafika pakantemba kamene ndinkagulako timabotolo, anaima.

"Mama," anatero osandiyang'ana, "loba ukambe kuti ni va Ba Sakala, nizalipila. Kamozi chabe, kang'ono. Manja yankhale pansi. Siningapime so."

Anzanga, ndinali nditalowa pakantemba kameneko kambirimbiri osanena kanthu. Ine ndinali ndisanawatsutsepo atate chiyambire. Koma ndinaganiza za chikwama chija chili pabedi. Ndinadziwa kuti kabotolo kamodzi ka Loweruka kamafika mpaka Lolemba.

"Iyayi," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ngati a mwana wa mphaka.

"Wati chani?"

"Nakana, atate. Ngati manja yanu yanjenjema, sebenzetsani yanga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti akalipa. Mwini kantemba anali atasuzumira kale pawindo. Kenako atate anasintha bokosi kuchoka dzanja lina kupita lina, n'kuyamba kuyenda. Ndinawatsatira.

Pansi pa mtengo tinapeza Ba Mutinta atakhala pachitini, manja atapinda. Atate anayamba monga ankayambira kale. Choyamba mpweya: matayala onse apopedwe mofanana, apo ayi muyezo unama. Ndinapopa ine. Kenako anakweza kutsogolo ndi jeke, kugwira tayala lakumanzere uku ndi uku, n'kuligwedeza. Linalira kuti gu, gu. Anatseka maso.

"Tayi rodi yafa," anatero. Tayi rodi ndi kachitsulo kamene kamalumikiza tayala ndi sitelingi. Kakatha, tayala limayendera maganizo ake. "Ba Mutinta, iyi ninaimvela tsiku lija. Ninaimvela, koma ninazula sitelingi. Siningapime pa chitsulo chakufa. Ifunika inyowani."

"Manje mwayamba kukamba monga Ba Sakala," anatero Ba Mutinta, nanyamuka kukagula chitsulocho.

Iwo atapita, atate anandikhazika pampando wa dalaivala.

"Tiyambe tachosa bodza," anatero. "Zungulutsa mpaka pothela. Manje bwelela mbali ina, uziwelenga."

Ndinazungulitsa sitelingi kuchoka kumapeto ena kufika ena, ndikuwerenga, kenako ndinabwerera theka. Pamenepo ndiye pakati penipeni. Nditaima, sitelingi inali yopendekeka moonekeratu. Atate anamasula nati ija, kuizula sitelingi, n'kuibwezera pamalo pake penipeni, pamene inali asanaisunthe. Tsopano sitelingi inali yowongoka, ndipo tayala lakumanzere linkaoneka poyera kuti likuyang'ana kunja. Kupotoka kumene kunabisidwa kunabwerera pamaso pathu.

Chitsulo chatsopano chitabwera, kuchimanga kunatenga nthawi. Sipanala inkapulumuka m'manja mwawo. Thukuta linanyowetsa malaya ngati agwa mumtsinje. Pakati pa ntchito anakwawa kutuluka pansi pa galimoto, kupita kuseri kwa mtengo, n'kusanza. Anyamata a minibasi amene ankadutsa anaseka. Mmodzi anakuwa kuti, "Ba Sakala, lelo injini yakana mafuta?" Ba Mutinta anangomuyang'ana kamodzi, iye n'kupeza kopita. Atate anatsuka m'kamwa, nabwerera pansi pa galimoto.

Titatsitsa galimoto pajeke, tinaimika ndodo zija m'makona, n'kukoka chingwe mbali zonse ziwiri, kuchokera kumbuyo kufika kutsogolo, pa msinkhu wa pakati pa tayala. Atate anayesa kugwira rula. Inkavina. Anandipatsa.

"Ba Mutinta, nkhalani pa mpando mugwile sitelingi. Isagwedezeke," anatero atate.

"Ine? Nalipila chitsulo, manje nisebenze futi?"

"Mukagwedeza, ntchito yonse ni bodza," ndinatero ine, ndisanaganize n'komwe. Ba Mutinta anaseka mpaka pikapu inagwedera.

"Kansi kamakamba aka kamwana!"

Ntchito yanga inali kuyeza kuchokera pachingwe kufika pa limu, chitsulo chimene tayala limavalapo: kutsogolo kwa limu, kenako kumbuyo kwake. Pa pikapu ngati imeneyo matayala amayenera kuyang'anizana pang'ono chabe kutsogolo, mwina kamzere kamodzi ka parula. Ndinkatchula manambala, atate ali pansi n'kumapotoza tayi rodi pang'ono. Akapotoza, tinkachotsa ndodo zakutsogolo, kukankha galimoto kumbuyo ndi kutsogolo kuti matayala akhazikike, kubwezera chingwe, n'kuyezanso. Kupotoza, kukankha, kuyeza. Dzuwa linafika pamutu, n'kuyamba kupendeka.

Ndiye panafika nthawi imene sindidzaiwala. Atate anali atatheratu. Ndinkamva mmene ankapumira pansipo, ngati munthu wokwera phiri. Ndinayeza, ndipo ndinapeza kuti kwatsala kamzere kamodzi. Kamodzi kokha. Palibe akanadziwa. Ba Mutinta sakanaona, atate sakanatha kuwerenga rula. Mtima unandiuza kuti, nena kuti yakwana, atuluke apume.

"Bwanji, mama?" anafunsa. "Yakwana?"

Ndinayang'ana tayala latsopano lija. Ndinakumbukira kuti linalo linkaonekanso bwino kunja.

"Ikalibe," ndinatero. "Kwasala kamzele kamozi."

Kenako pansi pa galimoto panamveka kuseka, kuseka kotopa, kokhala ngati chifuwa.

"Uyu ni mwana wa Sakala," anatero, ndipo ndinamva sipanala ikugwiranso chitsulo.

Titamaliza tinapita kukaiyesa pamsewu wa ku Shimabala, pamene pali powongoka. Ba Mutinta ankayendetsa, ine ndi atate tili kumbuyo, pamene pamanunkha nsomba. Kudzera pagalasi ndinaona akumasula zala pasitelingi pang'onopang'ono. Pikapu inapitirira mowongoka, osakokera kumanzere kapena kumanja. Anatulutsa mutu pawindo.

"Yaba! Iyenda monga mkwatibwi mu chalichi!"

Pobwerera mphepo inkatiwomba kumaso. Atate anali atatsamira, dzanja lomanga kansalu lili pabondo. Analankhula akuyang'ana minda ya chimanga.

"Ku siteshoni kuja, mama, ninali kukuona."

Ndinawatembenukira, iwo anapitiriza.

"Kwamene tinali kumwela ni kuseli kwa mabogi yaja. Ninali kukuona na yunifomu, ulemba mu kabuku kako. Ninali kuzunguluka kutali kuti usanione. Nikakufunsa kuti uchita chani kuno, iwe unganifunse chimozimozi."

Ndinayamba kulira. Ndinafuna kuwauza za pangalande, koma anandidula.

"Na pa ngalande ninamvela. Unakamba zoona. Naine uja munthu sinimuziba."

Tsopano ndinene za kubwerera, chifukwa si tsiku limodzi limene linatichiritsa. Usaganize, mnzanga, kuti munthu amasiya mowa chifukwa choti wachita manyazi Loweruka. Tsiku lotsatira atate anadwala kwambiri, thupi lonse kunjenjemera, kuona zinthu zimene palibe. Amayi anasiya tomato wawo n'kupita nawo kuchipatala. Kumeneko anatiuza kuti munthu amene wamwa kwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi payekha angathe kufa nazo, ndipo anawapatsa mankhwala. Ngati kwanu kuli munthu wotere, musamutsekere m'chipinda kuti apirire. Pitani naye kuchipatala. Pambuyo pake anayamba kukumana ndi azibambo ena amene ali pa nkhondo yomweyo. Anasinthanso njira yopitira kumsika kuti asamadutse pakantemba kaja, ngakhale njira yatsopanoyo ndi yozungulira. Anagwapo kamodzi, pamaliro a mnzawo. M'mawa mwake anatiuza okha tisanawafunse, ndipo anayambiranso.

Ine ndinayamba ndi kuuza amayi zonse, osasiyako, ngakhale za timabotolo timene ndinkagula. Zinali zowawa kuposa kulephera mayeso. Kusukulu ndinakhala m'kalasi limodzi ndi ana amene kale ndinkawatuma kukatunga madzi. Ankandinena kuti agogo a kalasi. Ndinapempha kukhala kutsogolo kuti ndisamaone nkhope zawo. Ndinadzikakamiza kuchita chinthu chimene chimandivuta kuposa zonse: kukweza dzanja n'kunena kuti, "Sindinamve, bwerezani." Masamu anali atandithawa kutali, ndiye sindinanamizire kuti ndikutsatira. Ndinabwerera kumabuku a Giredi 8, n'kuyambira pamene panafera zinthu. Atate amati sungayeze pa chitsulo chakufa.

Ndikaweruka ndimapita pansi pa mtengo wa mango n'kuwerengera pamenepo. Iwo amaona kuti ndabwera kuchokera kusukulu, ine ndimaona kuti ali bwino. Sitifunsana, timangoonana. Makasitomala sanabwerere onse, ndipo ena sadzabweranso. Koma Ba Mutinta pakamwa pawo ndi wailesi, ndipo amalonda a nsomba angapo amabwera. Loweruka ndimagwira rula. Mayeso ndinalembanso, ndinakhoza, ndipo pano ndili Giredi 10. Masiku ena mantha amabwerabe ndikafika pokhotera paja. Ndimaima, kupuma, n'kukhota.

Ngati ulipo muno amene yunifomu yako ndi yoyera koma ukudyeka mkati, usadikire kuphulika. Peza munthu mmodzi wamkulu, umuuze kumene umakhala masana. Lero lomwe, tisanabalalike.

Ndasunga chinthu chimodzi kuti nditsirizire. Lolemba lomaliza lija, atate anali atangotuluka m'chipatala, ofooka ngati munthu wodwala malungo. Amayi anati adikire, akapempha aphunzitsi tsiku lina. Atate anakana. Anameta ndevu, kuvala jekete ya ukwati wawo imene tsopano inkawakulira, n'kuika manja m'matumba kuti anthu asaone kunjenjemera. Tinayenda pang'onopang'ono. Tinadutsa pangalande paja, onse awiri tikuyang'ana kutsogolo.

Pageti panali atsikana a Giredi 10, anzanga akale, ndipo Bupe anali pakati pawo. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana atate kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Nelia! Wabwela? Nanga aba ni bandani?"

Ankadziwa. Onse ankadziwa. Ndinakweza mawu mpaka mlonda wa pageti anatembenuka.

"Ni batate banga. Ba Sakala, ba alainimenti."

Atate anatulutsa dzanja m'thumba, lija la chilonda cha mawaya, n'kundipatsa. Linkanjenjemera kwambiri. Ndinaligwira ndi manja onse awiri kuti lisagwedezeke, ndipo tinalowa.